Mapepala Amene Ndinamata pa Katundu

Mpaka lero apongozi anga aakazi akandiona ndi cholembera amatsokomola. Sindiwaimba mlandu, ndinaziputa ndekha.

Ine ndimawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira usipa. Ndiye nditapeza kabuku kophunzitsa Chisipanishi pamsika wa Ngabu, ndinagula. (Musandifunse kuti ndinkafuna kukayankhula ndi ndani. Kwawo kwa chiyankhulocho sindidziwako ngakhale galu.)

Kabukuko kanalangiza kuti ndimate dzina pa chinthu chilichonse m'nyumba. Ndinamatadi: la bicicleta panjinga, la radio pawailesi, la mesa patebulo, la cama pabedi. Mtondo, mphasa ndi lichero m'bukumo munalibe, ndiye ndinazisiya. Chimene sindinaone n'chakuti zomatidwazo zonse zinali zogula ine, chonsecho ndili pachikamwini.

Kenako ziganizo. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa nimu n'kumabwereza mokweza. Tsiku lina mkazi wanga anafunsa, "Bambo a Chisomo, mukuti chiyani pamenepo?"

Ine monyadira: "Ndikuti, ndinyamuka mawa. Chikwama changa chili kuti? Basi yoyamba ichoka nthawi yanji?"

"Oho," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Loweruka, pobwera kometetsa, ndinapeza mphasa ziwiri zayalidwa, ankhoswe a mbali zonse atakhalapo kale. Malume anga anali atakwera minibasi kuchokera ku Nsanje. Katundu yense wamapepala ali panja, padzuwa la kuno lija.

"Mphwanga," anatero malume, "banja likakukola umanena. Sulemba katundu mwakachetechete ngati wakuba."

Ndinalumbira kuti sindikuchoka. Ndinatulutsa kabuku n'kuyamba kuwerenga, thukuta lili kamukamu. (Tsamba limene linatseguka linali la kugula tikiti. Ine kupusa, ndinamasuliranso.) Mkazi wanga anayamba kulira.

Apongozi ndiwo anandidula. "Akamwini, tamva. Nanga khasu m'chiyankhulo chanucho ndi chiyani?"

Ndinatsegula uku, ndinatsegula uko. Munalibe.

"Tinadziwa," anatero. "M'nyumba monsemu ndi lokhalo simunaligwire."

Onse anaseka, ndi wolira yemwe. Mlandu unathera pomwepo, ndipo bedi ndinalowetsa ndekha, anthu akuonerera.

Khasu m'Chisipanishi amati la azada, ndinafufuza. Ndinalemba bwinobwino n'kumata pampini penipeni pogwira. Papita miyezi itatu tsopano, pepalalo likadali loyera mbee.