Kalavani ya Bambo a Tadala

Lolemba

Ndaganiza, ndipo sindibwerera. Ndigula kalavani!

Ndili m'basi pochokera kuchipatala, miyendo ili zii, pamaloboti pambali pathu paima galimoto ikukoka kanyumba koyera ka makatani amaluwa. Mdala pachiwongolero, akazi awo pambali akusenda nachesi n'kumawadyetsa. Mtima wanga wangoti, ndi zimenezo!

Si za ine ayi. N'za bambo a Tadala. Kwathu munthuyu anali dalaivala wa thiraki, Blantyre, Tete, Joni, ngolo ziwiri kumbuyo. Chinditsatireni kuno ku Tipton, ku Mangalande, ntchito yawo n'kulongedza makatoni, kuperekeza Tadala kusukulu, kenako kukhala pawindo. Sadandaula. Bola akanamadandaula. Sabata yatha akupukuta mbale anangoti, "Mayi a Tadala, mwina ine nditsogole kumudzi, inu muzindipeza." Mbale anaipukuta mpaka inayamba kulira.

Ndiye pulani nayi:
kalavani yolimba, yosadontha
iwo pachiwongolero, ali ndi chokoka kumbuyo ngati kale
ine pambali ndi nachesi
sukulu ikatseka, ulendo wa ku Wales
chinsinsi mpaka itafika pakhomo!

Za makalavani sindidziwa kalikonse. Koma kubaya jakisoni nakonso sindinabadwe nako.

Lachiwiri

Pa buleki ndauza Maureen, nesi mnzanga wa konkuno, uja amaitana aliyense "bab", ngakhale madokotala aakulu. Iye anakulira m'makalavani. Wasiya tiyi, wandigwira mkono. Akuti kalavani sagula ndi maso, amagula ndi mphuno. Mdani wake ndi chinyontho, chimadya matabwa mkati kunja kukuwalabe.

Malangizo a Maureen:
lowetsa mutu m'kabati iliyonse, nunkhiza
dina khoma ndi chala, likafewa ngati buledi, thawa
ima pakati, dumpha
matayala asakhale ndi ming'alu
wogulitsa akakhala kuti wapopera perefyumu, usalowe n'komwe

Ndamuuza kuti kumeneko n'kuyeza wodwala basi. Akuti eya, koma wodwalayu sanena pomwe pakupweteka.

Pobwerera ndagula nyuzipepala ya malonda. Ndakhala kukhitchini, ndazunguliza ndi cholembera zitatu zooneka bwino. Tadala wafika mwakachetechete, wasuzumira paphewa panga, nkhope yagwa.

"Mum, are we going to be homeless?"

Mwana wa zaka naini! Ndamufotokozera zonse m'Chichewa, iye akuyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Funso lake lalikulu n'lakuti muli toileti kapena ayi. Ndamulumbiritsa kuti asauze adadi. Walumbira dzanja pamtima.

Ndinayenera kunena kuti asauze munthu aliyense. Izi ndazikumbukira mochedwa.

Lachitatu

Ofu. Bambo a Tadala ndawauza kuti ndikuperekeza Maureen kokagula nsapato. Bodza loyamba chikwatirane, ndipo landituluka mosavuta mpaka ndadziopa.

Yoyamba, ku Wednesbury. Pafoni mwini wake anati ikungofunika kachikondi pang'ono. Ili kuseri kwa nyumba, udzu wafika m'mawindo. Mkati muli makina ochapira akufa, njinga ziwiri ndi mphaka. Mphaka sakugulitsidwa.

Yachiwiri, ku Walsall. Kunja kokongola, yoyera mbee! Mwini wake mnyamata wa tcheni m'khosi, akulankhula osapuma. Chitseko kutseguka, fungo la maluwa phuu, ngati m'saluni. Maureen akundikodola kuti tiyeni. Ine mtima wagwa kale m'makatani. Ndalowa. Ndalowetsa mutu m'kabati: fungo la nsanza yoiwalika m'ndowa. Ndadziuza kuti mwina ndi mphuno yanga. Ndadina khoma: buledi. Ndadziuza kuti mwina chala changa n'champhamvu.

Ndaima pakati. Ndadumpha.

Mayo ine!

Mwendo wakumanja walowa mpaka m'bondo. Ndikuona udzu pansi. Maureen akundikoka m'khwapa, akuseka mpaka misozi. Mwini wake akuti m'mawa sinali choncho. Mwendo watuluka, nsapato yatsala pansi pa kalavani, ndipo palibe amene akufuna kukwawirako.

Ndiye tapitadi kokagula nsapato. Bodza lija lasanduka zoona palokha, Mulungu sagona.

Kunyumba bambo a Tadala aona bondo lokalika. Sanafunse. Atenga beseni, madzi ofunda, mchere pang'ono, agwada. Nesi ndine, koma ndawasiya atsuke.

Yachitatu ili ku Stoke-on-Trent. Kakang'ono. Mwini wake akuti tibwere Loweruka.

Lachinayi

Poweruka ndadzera kugalaja komwe timakonzetsa kagalimoto kathu. Ndafunsa makaniko kuti chitsulo chokokera kalavani angatiikire liti. Wayang'ana kagalimoto. Wayang'ana ine. Wayang'ananso kagalimoto.

Akuti, "Mukufuna kukoka chiyani, wilibala?"

Zimene ndaphunzira lero, zonse zowawa:
kagalimoto kathu pachitunda kamalira tili atatu okha
kalavani siyenera kulemera kuposa galimoto yoikoka, apo ayi mchira ndi umene umagwedeza galu
laisensi ya kuno imene bambo a Tadala anaivutikira chaka chatha siwalola kukoka chinthu cholemera, mpaka akayezedwenso

Pamenepo ndakhala pansi pa tayala lakale. Munthu amene ankawoloka mlatho wa Tete ndi ngolo ziwiri, ankatsika mapiri mvula ikugwa, katundu wa eni osataya ndi thumba limodzi lomwe! Kuno pepala likuti ndi mwana wa sukulu. Iwo akudziwa zimenezi chifikireni, ndipo sanandiuzepo.

Makaniko waona nkhope yanga, wafewa. Akuti tilipo tina ting'onoting'ono topepuka, takale, mwina, mwina. Ndamuonetsa ka ku Stoke. Akuti, "Mwina."

Ndagwira "mwina" ameneyo ndi manja awiri.

Pofika mumsewu wathu ndayamba kuuona ndi maso atsopano. Nyumba zogundana ngati mano, chitseko chotulukira pamsewu pomwepo, magalimoto mbali zonse ziwiri. Kalavani ndidzaiika pati? Padenga?

Zimenezo ndiganiza mawa.

Lachisanu

Foni yayamba kulira ndisanavule yunifolomu. Tadala anauza mnzake Chisomo. Chisomo anauza amayi ake. Amayi ake ndi Mayi Gondwe, mlembi wa amayi kutchalitchi kwathu ku Lozells.

"Asisi! Tamva mwagula nyumba yoyenda! Mulungu ngwabwino!"

Sindinagule, mayi.

"Ee, kubisa madalitso si bwino."

Zopempha zimene zafika pofika madzulo:
akwaya akufuna kuikwera popita kumsonkhano wa chitsitsimutso (ndawauza kuti munthu saloledwa kukhalamo ikamayenda, akuti adzagona pansi)
Mayi Gondwe ali ndi migolo iwiri ya katundu wopita kumudzi, ikusowa posungira
mphwake wa winawake, wa ku yunivesite, agonemo "masabata awiri okha"
amayi ena a ku Zambia akufunsa ngati ili ndi uvuni

Kalavani kulibe, koma yadzaza kale!

Ndatsika pansi, ndapeza bambo a Tadala akupolisha nsapato zawo zachikopa, zija sanazivale chichokereni kwathu. Akuimba kanyimbo chapansipansi. Osadzutsa mutu akuti, "Mawa tinyamuke m'mawa, msewu wa ku Stoke umadzaza."

Ndawafunsa amene wawauza.

"Abusa anandiimbira. Akuti adzaidalitse isanayambe kuyenda."

Chinsinsi changa chafika kwa mwini wake kudzera kwa abusa. Ndafuna kulira, koma munthu akuimba. Papita nthawi yaitali ndisanamve akuimba.

Loweruka

Tadala tamusiya kwa Chisomo, akamalize kumene anayamba.

Panjira bambo a Tadala akulankhula! Akundionetsa mathiraki: uyu wamanga katundu molakwika, uyo matayala akumbuyo atha, uyo ndiye dalaivala weniweni, taonani mmene akulowera pakona. M'thumba la jekete abweretsa tochi ndi sipanala. Za laisensi sitikuzitchula, iwo kapena ine.

Mwini kalavani ndi a Ron, mdala wamtali wowerama, anagwira ntchito kufakitale ya mbale zadothi mpaka inatsekedwa. Akukhala kunja kwa tauni, bwalo lalikulu kuseri. Kalavani aitulutsa m'shedi dzulo kuti tiione bwino. Kakang'ono, kozungulira ngati dzira.

Ndalowa. Mutu m'kabati: sopo ndi tiyi. Khoma: gwaa. Kudumpha ndadumpha mwaulemu, ndikugwira chitseko. Pansi pali nga! Bambo a Tadala agona chagada pansi pake ndi tochi, akugogoda apa ndi apo, akutuluka nkhope ili ngwee. "Iyi ndiye galimoto, mayi a Tadala. Munthuyu amasamala." Akufunsana ndi a Ron za mabuleki ndi girizi ngati anakulira limodzi. Ndi yopepukanso. Ngakhale makaniko uja akanavomera.

Ndayamba kale kuona Wales.

Kenako a Ron atiphikira tiyi momwemo. Makapu atulutsa atatu, yachinayi aikhudza n'kuibwezera. Kuseri kwa chitseko kwakoleka juzi yachikazi yobiriwira. Pawindo pali magalasi owerengera. Akuti akazi awo, Jean, anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Ana awo ndi amene akuti agulitse, ikungowakumbutsa. Akutionetsa mmene tebulo limasandukira bedi, koma akulephera kumaliza. Atuluka, akuti akaone galu. Galu sitinamuone ndi mmodzi yemwe pakhomopo.

Bambo a Tadala ayang'ana juzi ija nthawi yaitali. Kenako chapansipansi: "Mayi a Tadala, iyi sigulidwa. Umu maliro sanathe."

Ndafuna kutsutsa. Sabata yonse! Bondo langa! Nsapato yanga! Koma akunena zoona.

Bambo a Tadala awauza okha a Ron, m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono, kuti kalavani ndi yabwino kwambiri koma ikhale kaye pano chaka chino. Mdala wangowagwira dzanja osalisiya.

Tsopano vuto: kuibwezera m'shedi. Khomo lake n'lopapatiza, ndipo polowera pamakhota. A Ron akuti zaka zonsezi Jean ndiye ankaima kumbuyo n'kumawakodola ndi manja. Okha ayesa kawiri ndi galimoto yawo, kalavani ikupita kumene ikufuna. Atsika, apereka makiyi kwa bambo a Tadala. M'bwalo la munthu mulibe wapolisi.

Ambuye! Munthu kukhala pampando, kukonza galasi, chigongono pawindo, dzanja limodzi pachiwongolero. Kalavani ikubwerera yokha ngati mbuzi yodziwa khola lake. Kamodzi n'kamodzi, yalowa. A Ron akuwomba m'manja. Ine ndikululutira pakati pa Stoke, nkhunda zonse kuthawa padenga!

Atsika ngati palibe chachitika. Koma makutu awo ndimawadziwa ine akakondwa.

Lamulungu

Kalavani palibe. Sipadzakhalanso, chaka chino kapena chamawa. Ndavomera.

Kutchalitchi abusa afika ndi kabotolo ka mafuta, abwerera nako. Mayi Gondwe akundipatsa moni wa nsonga za zala. Mphwake wa eni uja wandiyang'ana ngati ndamugwetsera nyumba.

Titaweruka mvula yayamba. Bambo a Tadala akuti tisapite kunyumba. Atiyendetsa mpaka kuphiri la Clent, kagalimoto kakulira njira yonse. Kutuluka sikutheka. Takhala momwemo poimika magalimoto, fulasiki ya tiyi, mandasi otsala kutchalitchi, mawindo achita nthunzi. Tadala akujambula nkhope pagalasi ndi chala, akuti, "This is basically a caravan." Kenako wagona.

Ndapepesa. Ndati ndimafuna ndiwabwezere msewu wawo.

Aseka pang'ono. Akuti, "Msewu? Mayi a Tadala, msewu ndi msana wopweteka, udzudzu wa paboda, kugona pansi pa thiraki kulondera dizilo. Ine msewu sindinaukondepo."

Nanga chimene mumasowa n'chiyani?

Akupukuta galasi ndi mkono wa jekete.

"Kufika. Ndikaliza hutala pakona paja pa Chirimba, inu n'kutuluka mukuthamanga, chitenje chili m'manja, opanda nsapato. Masiku ano wofika ndinu. Ndiye mumalowa ndi kiyi wanu mwakachetechete, ine n'kungokupezani muli kale m'khitchini."

Zaka zonsezi ndimayesa ndikuwasamala posawadzutsa pampando.

Za kutsogola kumudzi sanazitchule, ine sindinafunse. Angoti matayala akutsogolo akufunika kusintha chisanu chisanabwere, adzaona okha mwezi wa Okutobala. Okutobala! Ndiye kuti adzakhala akadali konkuno. Ndamwa tiyi wanga pang'onopang'ono kuti asaone nkhope yanga.

Mawa shifiti ya m'mawa. Yunifolomu sinasitidwe, bondo likadawawa, Maureen adzafuna nkhani yonse.

Pobwera kiyi ndimusiya m'chikwama. Ndigogoda.