Tsiku limene ndinapempherera 1,000,001

Nkhani iyi imandiweramitsa mutu mpaka lero, koma imveni, museke nane.

Kunali ku Lupembe, masiku a chipani chimodzi, pamene munthu wotengedwa ndi boma sankatchulidwa dzina. Pafupi ndi ife pankakhala a Chimtengo, aphunzitsi a masamu ochokera ku Dedza. Tsiku lina ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, maso ali psuu, akulemba pamchenga: 1,000,001. Atandiona anafufuta ndi phazi.

"Mama, nambala iyi sindigona nayo tulo," anatero. "Ndayesa kuigawa ndi 7, yakana. Ndi 13, yakana. Mwina ndi prime, yopanda oigawa koma 1 ndi iyo yokha."

Za prime sindinazitole. Ndinangoona munthu wosagona, wofufuta zimene walemba. Ndinati basi, mbale wawo ali m'ndende, iyi ndi nambala yake, dzina akuopa kulitchula.

Lachinayi ku mapemphero a amayi ndinabwereza mawu awo monga ndinawamvera. Kenaka tinagwada.

"Ambuye, kumbukirani 1,000,001, amene ali yekhayekha!"

"Amen!"

Kutacha amayi anayamba kufika kwa aphunzitsi mwakachetechete, wina mpunga, wina phava la nthochi, wina usipa. Aliyense ankangoti "pepani" n'kubwerera. Aphunzitsi ankalandira, akuyesa ndi mwambo wa kuno.

Masana kunafika a tcheyamani a chipani. Mphunzitsi wokhala ndi mbale m'ndende ntchito inkamuthera pomwepo. Anandiitanitsa ngati mboni.

"Aphunzitsi, 1,000,001 ndi ndani wanu?"

"Si munthu, bwana! It is just a number! Ndi odd, yosagawika ndi 2, chifukwa ikuthera ndi 1. Mukaiwerenga chobwerera imakhala yomweyo. Ndikufuna kudziwa ngati imagawika."

"Igaweni tione. Ikakana, mukafotokoza kuboma."

Aphunzitsi anagwada pamchenga, thukuta lili kamukamu. 89 inakana. 97 inakana. Ine ndinatseka maso n'kuyamba kupemphera chamumtima, ngakhale sindinkadziwanso amene ndikumupempherera.

Mwadzidzidzi anadumpha.

"101! Yalowa ka 9,901, osatsala kanthu! Si prime!"

Ine kumva chisangalalo chotero ndinakweza manja, n'kuimba nthungululu.

"Alemekezeke Mulungu! Amutulutsa liti?"

A tcheyamani anandiyang'ana, nayang'ana manambala pamchenga, kenaka anaseka mpaka kutsamira njinga yawo. Ananyamula phava limodzi la nthochi n'kumapita.

Aphunzitsi anasasa mchenga m'mawondo mwaulemu wonse.

"Mama, zikomo, pemphero lanu layankhidwa. Koma mawa ndikuyamba 1,000,003. Chonde, imeneyo musaiuze amayi."

Mulungu amayankha ndithu, koma musanagwade, yambani mwafunsa ngati amene mukumupemphererayo ali ndi miyendo.