Buku Lofuna Manja Asanu ndi Limodzi

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Tsono khalani phee, adzukulu inu, mumve za buku langa lophikira. Nthawi imeneyo tauni ya Chipata tinkaitchula Foti Jemusoni, ndipo ine Zakeyo ndinali khukhi pa famu ya fodya cha kwa Chipangali, khukhi weniweni, woti ndikaswa dzira, nkhuku yoliikirayo inkabwera pakhomo pa khitchini kudzathokoza. Anyamata atayamba kutengedwa kupita kunkhondo, dona wa pafamupo anabwerera kwawo, bwana n'kutsala, ndipo pochoka anandisiyira buku lake lophikira, lachikuto chofiira, lolemera moti ng'ombe ziwiri zinakana kulikoka pangolo, ine n'kungolipanira kukhwapa n'kumapita. Mukumva?

Chaka chomwecho mkazi wanga Anabanda anatisiya. Apa pokha sindiseka. Ndinali mkamwini m'mudzi mwawo, ndipo mwambo mukuudziwa: titameta maliro akuchikazi anandisudzula, ana n'kutsala m'manja mwa amalume awo, alamu anga a Yotamu. Malita, amayi anu omwewa, anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Tereza zinayi. Alamu sanali munthu woipa, koma pondiperekeza anati, "Alamu, musamabwerebwere. Ana akamakuonani sazolowera." Ndinavomera pakamwa pokha. Mtima unkandiwawa, ndipo ndinkaopa kuti Tereza adzakula osaidziwa nkhope yanga.

Lamulungu lina Misa itatha ndinafika pabwalo pawo, n'kutsegula bukulo anthu onse akuona, chala pa zilembo. Ndinati, "Alamu, bwana wandituma chikondamoyo cha m'buku muno, koma buku likuti chimafuna manja asanu ndi limodzi: awiri a wophika, anayi aang'ono, a magazi ake omwe. Likatero buku, ine ndingatani?" Alamu anasuzumira chizungucho, anakanda kumutu, n'kuti, "Zolembedwa sititsutsa. Koma dzuwa lisanalowe akhale atafika."

Ana inu, tsiku limenelo tinaphika! Malita anakanya nthochi, Tereza ankathira ufa wa mgaiwa, theka m'mbale theka pamutu pake, ine ndikuwerenga mokweza kuti buku likuti wamng'ono alawe katatu, buku likuti atate ayimbe pamene ana akutakasa, buku likuti wotaya ufa asakalipiridwe chifukwa chikondamoyo chimamva n'kukwiya. Titaika mphika pamakala, ena pamwamba pa chivindikiro, chinayamba kufufuma, chinatukula chivindikiro, chinafika padenga, chinazula denga lonse ndi nkhunda zili pomwepo, ndipo fungo lake linayenda mpaka ku Mwami, moti anthu ochokera ku Nyasalande ndi akatundu kumutu anasiya njira yawo n'kulilondola, amalonda a m'tauni anatseka masitolo masana dzuwa likuswa mtengo, njuchi za ku Kasenengwa zinasamuka ndi ming'oma yomwe. Podula tinabwereka sowo ya ocheka matabwa, amuna anayi uku anayi uko, ndipo komboni yonse inadya milungu itatu. Chidutswa chotsala ndinachigoneka pa mtsinje wa pakati pa famu ndi mudzi, kuti mvula ikagwa ana anga aziwoloka osanyowa mapazi. Mukumva? Anaoloka dzinja lonse, akunyema pang'onopang'ono m'mbali.

Kuyambira pamenepo buku linayamba kuvuta Lamulungu lililonse. Lero likufuna zitumbuwa, Lamulungu linalo futali, ndipo mbatata ya futaliyo likuti aisende mwana atakhala pafupi ndi atate ake, apo ayi imalimba ngati mwala. Chiponde chomwe Malita anasinja chinali chosalala moti ntchentche yotera pamenepo inaterereka n'kuthyoka mwendo. Tereza anayamba kundithamangira ndikadali kutali, akufuula kuti, "Atate, lero buku likuti chiyani?" Ndikamva mawu amenewo, mlungu wonse ndinkagwira ntchito ndikuimba mluzu.

Koma ana amakula. Malita analowa sukulu ya ku mishoni, ndipo patapita zaka zinayi aphunzitsi ankamutama pa chizungu. Alamu nawo anali atatopa, chifukwa ana ankathera tsiku lonse kwa ine ntchito zapakhomo zili mbwee. Tsiku lina nditafika kudzawatenga, alamu anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, akuluakulu atazungulira, n'kuti, "Malita, tsopano ukuwerenga. Tiwerengere pomwe alemba za manja aja. Ngati mulibe, zophikaphikazi zithere pano."

Ine, munthu woti ndinathamangitsapo njati ndi mthiko, kodi ndikanaopa? Ndinaopa, ana inu. Pakuti ndikuuzeni lero: chibadwire sindidziwa ngakhale chilembo chimodzi. Zaka zonsezo ndinkangoyendetsa chala papepala, mawu akuchokera m'mutu mwanga. Ndinapereka bukulo ndikudziwa kuti ana anga ndawataya.

Malita anagwada, analilandira ndi manja awiri, n'kulitembenuza mwakachetechete, pakuti ndinali nditalitsegula chozondoka. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Anandiyang'ana ine kamodzi. Kenaka anaika chala pamzere n'kuwerenga pang'onopang'ono, ngati wotanthauzira mawu ovuta.

"Likuti manja asanu ndi limodzi, amalume. Anayi aang'ono." Anatsegula tsamba lina. "Apanso akuti chikondamoyo chikapsa, ana agone komweko, chifukwa chimafuna kulawidwanso m'mawa. Apa atate ankadumpha."

Alamu anandiyang'ana mondidzudzula. "Alamu, nanga mumadumphiranji zolembedwa? Atengeni, abwere mawa."

Tili m'njira, Tereza ali patsogolo ndi buku pamutu, ndinafunsa chapansipansi kuti, "Mwana wanga, kwenikweni alembapo chiyani pamenepo?"

"Kaphikidwe ka nkhosa, atate," anatero Malita osandiyang'ana. "Za manja mulibe. Ndinaona kalekale."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuzani, tikanabweranso bwanji?"

Tsono mukamanditcha wabodza, dziwani kuti m'banja muno ndine wachiwiri, woyamba ndi amayi anu. Ndipo ine Zakeyo, amene ndinadulapo matumba khumi a anyezi diso lili gwa, ndinalira njira yonse mpaka kufika pafamu.