Ulendo wa ku Puglia Umene Ndinakonzera a Nambewe

Inu a Zulu, tsitsani kaye foniyo. Ndakumvani chiyambire pamene makala anayaka m'galaja muno, mukuuza anthu kuti inu ndi akazi anu mwapulana ulendo wa ku Italy m'maola awiri, kungodinadina pafoni basi, anthu n'kumakuomberani m'manja ngati mwachita zakupsa. Kaya kwanu ku Chipata zimenezo mumati kupulana, sindikudziwa. Munthu amene anapulanapo ulendo m'tauni ya Brampton muno, kutsidya kwa nyanja kuno, ndi mmodzi yekha, ndipo ndi ine ndakhala pa kireti pano. Amene akukayika atuluke akaone magalimoto panja, ine sindikakamiza munthu. Koma zimene ndinene n'zoona, Mulungu akundiona, ndipo mboni ilipo, a Vito, mkulu wa Chitaliyana amene nyumba yake inagundizana mpanda ndi yanga.

Chiyambi chake chinali chonchi. Akazi anga, a Nambewe, anagwira ntchito zaka zambirimbiri kunyumba yosungirako okalamba ku Mississauga, kudyetsa anthu ndi supuni, kuwapukuta pakamwa, akaweruka n'kukwera mabasi awiri kudzaphikiranso ine. Tsiku lina Lamlungu titangofika kuchokera kutchalitchi, asanavule ndi nsapato zomwe, anaima pakhomo la khitchini n'kunena mofatsa ngati akukamba za nyengo: "Bambo a Tadala, zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikuikira anthu mbale. Palibe tsiku limodzi limene ine ndinakhala pansi wina n'kundiikira. Ndikapuma ntchito ndikupita kwathu ku Dedza, kwa achemwali anga." Sanakalipe, sanalire. Ine a Nambewe ndimawadziwa, akakalipa zimatha tsiku lomwelo, koma akafatsa ndiye kuti atsimikiza. Ndinaona kuti mkazi akundichoka ndikuona, ndipo ndinachita mantha.

Masana omwewo ndinapeza a Vito akumangirira matimati awo kumpanda. Ndinawafunsa kuti kodi padziko pano alipo malo amene mayi amakhala pansi osadzuka mpaka kudya kuthe. Iwo anati kwawo, ku Puglia, kuchidendene kwenikweni kwa dziko la Italy, lija limaoneka ngati jombo pamapu, mlendo akakhala patebulo masana amadzuka dzuwa litapendeka, mbale ina ikuchoka ina ikubwera, vinyo osaphwa m'tambula. Ndinati basi, zatheka. A Nambewe ndikawakhazika kumeneko masiku khumi ndi anayi, asagwire mthiko ngakhale kamodzi, za ku Dedza aziiwale.

Tsono apa mumvetse, poti ana obadwira kuno sadziwa. Kwathu tsiku lonyamuka sitiuza anthu. Malume anga analengeza pamowa kuti Lolemba akupita ku Joni, pofika Lamlungu mwendo unali utatupa ngati mtondo, anakalamba mpaka kufa asanaone ndi Mwanza yemwe. Ngakhale kuno, ndi angati mwa inu amene munatsanzika popita kumudzi? Timangoona zithunzi muli kale ku Lilongwe mukudya chimanga chootcha. Ukaulula, ena akusenzetsa nsapato ndi mafoni zoti ukapereke ku Kasungu, ena akuchitira nsanje ulendo n'kufera m'mazira. Choncho ine ndinatseka pakamwa. Sindinauze abusa, sindinauze mwana wathu Tadala amene anakwatiwa ku Oakville, sindinauze ngakhale a Nambewe eni ake. Ankadziwa ndi a Vito okha, poti iwo alibe abale ku Kasungu. Ndinatsikira ku besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, n'kukhoma chitseko.

Ndinagula mapu, osati timapu ta pafoni yanuyo a Zulu, mapu enieni apepala, aakulu moti nditawatambasula anadzaza besimenti yonse, mzinda wa Bari unali pansi pa masitepe, wa Lecce kuseri kwa makina ochapira, nsonga ya chidendene inatulukira pawindo n'kukagona m'munda wa a Vito, mwakuti sinowo atagwa mu Januwale anthu a kunsongako anadzuka n'kupeza madenga awo ali mbuu, ana akulira, ng'ombe zikunjenjemera, mpaka ndinachita kutuluka ndi fosholo kukawafukula. Mukumva? Ndiye poti ine ndinayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, zaka makumi awiri m'maweyahausi osungiramo katundu a mu Brampton muno, ndimadziwa kuti katundu suika pamene sunayeze, choncho msewu uliwonse ndinauyenda ndekha pamapupo nditavala masokosi, kupita n'kubwera, kupita n'kubwera, kufikira njira yochoka ku Bari kupita ku Altamura, kumene amaphika buledi wamkulu ngati tayala la wilibala, inakumbika chigwembe, ndipo anthu a kumeneko anandiimbira foni kundipempha mwaulemu kuti ndizipondako pang'onopang'ono poti magalimoto awo akuthyoka masipuling'i.

Zakudya zawo ndinaziwerenga zonse, lesitilanti ndi lesitilanti, mudzi ndi mudzi. Ndinapeza kuti anthu amenewa ndi abale athu osadziwana. Nyemba amasenda n'kuzipota ngati chipere chathu, n'kudyera masamba owawa ngati chisoso. Ali ndi mpiru wawo umene amasakaniza ndi pasita wopindika ngati kakhutu ka mwana, amene amayi a ku Bari amaumba ndi chala atakhala panja mumsewu uku akukamba miseche. Ali ndi tchizi choti ukachiboola ndi mpeni chimakha mkaka m'mbale. Ndinawerenga, ndinawerenga, osalawa kanthu, koma mwezi wachitatu lamba anakana kukumana, mwezi wachisanu ndikalowa m'basi anthu awiri ankaimirira kuti ndikhale, mwezi wachisanu ndi chiwiri dokotala atanditenga magazi anapeza mafuta a maolivi okhaokha, nesi n'kutapako pang'ono m'kabotolo koti akathire pa saladi kunyumba. Dokotalayo anandiletsa kuwerenga za tchizi m'mimba mulibe kanthu.

Vinyo ndiye musanene. A Nambewe samwa, ndi mayi wa yunifolomu kutchalitchi, choncho ndinayenera kupeza vinyo waulemu, woti adutse pakhosi pa mayi wopemphera osamuchimwitsa. Ndinawerenga mokweza mayina a minda yonse ya mphesa, kuyambira ku Manduria kumene kuli vinyo wofiira wolemera dzina lake Primitivo, kutsetsereka mpaka kunyanja, ndipo tsiku lina Loweruka m'mawa, nditamaliza masamba makumi anayi a buku la vinyo, ndinatenga galimoto kukagula mkaka, wapolisi n'kundiimitsa poti ndimayenda mokhotakhota, anandiuza kuti ndipumire m'kamakina kake, kamakinako n'kuyamba kuimba nyimbo ya Chitaliyana, ine ndinamutulutsira bukulo kuti bwana, sindinamwe ine, ndangowerenga, iye anawerenga mizere iwiri yokha, anakhala pansi m'mbali mwa msewu, anavula chipewa, n'kuyamba kundifotokozera za mkazi wake woyamba misozi ili chuchuchu. Ndinachita kumuperekeza ndine kwawo. Mukumva, a Zulu? Foni yanuyo inaledzeretsapo wapolisi?

Chitaliyana ndinaphunzira kwa a Vito m'masiku atatu, tikulankhulana pawindo la besimenti. Chapakamwa sichinavute. Chovuta ndi chamanja, poti anthu aja theka la nkhani amakamba ndi zala, ndipo ine ndinachigwira mopyola muyezo, moti tsiku lina ndikuyeseza kuitanitsa nsomba yootcha ndili pa siteji ya basi kufupi ndi bwalo la ndege, ndege itatu zinatembenuka m'mwamba n'kudzatera motsatira dzanja langa. Kuyambira pamenepo ndikamadutsa kumeneko manja ndimaika m'thumba.

Koma luso lenileni la pulani lili pa nthawi. Ine ndinkafuna kuti a Nambewe akamatsika sitima, buledi azituluka mu uvuni, akamakoka mpando, nsomba izituluka m'nyanja. Ndinaimbira mlimi wina wa kufupi ndi Andria kuti ng'ombe imene idzapereke mkaka wa tchizi cha akazi anga ndilankhule nayo ndekha, anaiikira foni kukhutu, tinamvana, inalonjeza kuti sabata imeneyo idzadya msipu wa kumtunda wokhawokha. Mphesa za ku Manduria zinafuna kupsa msanga chaka chimenecho, ndinazitumizira mawu kuti zidikire, zinadikira milungu iwiri zili gwa, alimi akungokanda mitu. Tebulo la tsiku lomaliza ndinalisankha ku Gallipoli, kamzinda ka asodzi, pakhonde loyang'ana kumadzulo, ndipo nditawerengera bwino ndinapeza kuti dzuwa lidzalowa mbale yachinayi isanafike, ndiye ndinalemba kalata, sindikuuzani kuti kwa yani, yankho n'kubwera loti tsiku limenelo lokha dzuwa lidzaima mphindi makumi awiri. Pofika pamenepo a Vito, amene anachoka kwawo ali wakhanda, ankabwera pawindo chipewa chili m'manja kudzafunsa ine njira ya kumudzi kwawo, ndipo ndinawauza ndi mtengo wa maolivi umene agogo awo anabisapo mtsuko wa mafuta. Anatuma munthu, anaupeza.

Zonsezi zinanditengera miyezi khumi ndi inayi. A Nambewe ankaika mbale pamwamba pa masitepe, kugogoda kawiri, n'kuchoka. Kamodzi kokha anafunsa ali kuseri kwa chitseko kuti, "Kodi kunsiko mwakwatirako?" Ine ndinati, "Mudzaona." Tsiku limene anapuma ntchito, anzawo anawakonzera kaphwando, ine sindinapite, linali tsiku lomwe ndinapangana ndi ng'ombe ija. Sabata yomaliza sindinakwere n'komwe kumtunda, ndinkagona pamapu pomwepo, mutu ku Bari miyendo ku Lecce, kuonetsetsa kuti pasapezeke pena potayikira ngakhale mphindi imodzi.

Lachisanu m'mawa, tsiku lonyamuka, ndinavala suti, ndinatenga matikiti awiri, pulani yonse ndinaimanga ndi chingwe n'kuisenza paphewa, ndinatsegula chitseko n'kukuwa kuti, "A Nambewe, longedzani, tikunyamuka lero!" Nyumba inali zii. Pa masitepe panalibe mbale. Nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti kugogoda kuja ndinakumva komaliza Lolemba, koma njala sindinaimve poti ndinali wokhuta zowerenga. Kuchipinda masutikesi awiri aakulu kunalibe, yunifolomu kunalibe, m'dirowa munali pasipoti imodzi yokha, yanga. Mu firiji munali mabakuli asanu ndi awiri a ndiwo, lililonse lolembedwa tsiku lake.

Ndinaimbira Tadala. Anandiyankha m'Chingelezi chake chija kuti amayi ake anawaperekeza yekha ku bwalo la ndege Lachiwiri, ndipo amayiwo anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Ndinaimba ku Dedza. Anayankha eni ake.

"Mwafika bwino?" ndinafunsa.

"Tafika bwino, kaya inu mwatsala bwanji?"

"Bwanji osandiuza?"

"Tsiku lonyamuka sitiuza anthu, bambo a Tadala. Mukudziwa."

"Ine ndine anthu?"

Ndiye ndinamasula chingwe chija n'kuyamba kuwawerengera pulani yonse pafoni, buledi, mpiru, ng'ombe, mphesa, tebulo la kumadzulo, dzuwa loima, zonse, ola lathunthu ndili chiimire m'khitchini ndi suti. Anamvetsera mpaka kumapeto, sanandidule ngakhale kamodzi. Nditamaliza anati, "Zikumveka zabwino kwambiri. Mukanandiuza ndikanadikira."

Basi, nkhani ndi imeneyo. Inu sekani, a Zulu, koma pulani imeneyo inalibe polakwika ngakhale pamodzi, ndipo amene akutsutsa abwere ku besimenti ndi kalendala ndi wotchi adzandionetse. Buledi anatuluka mu uvuni nthawi yake, ng'ombe inasunga pangano, ndipo dzuwa linaimadi mphindi makumi awiri, a Vito anamva kwa msuweni wawo kuti anthu a ku Gallipoli anatuluka m'nyumba kudzaona, tebulo lili poteropo lopanda munthu.

Ine ku Italy sindinapondeko, ngakhale phazi limodzi. Primitivo sindidziwa kuti amakoma bwanji. Papita zaka ziwiri tsopano. A Nambewe timalankhulana Lamlungu lililonse, amandifunsa ngati ndikumwa mankhwala a magazi, ine ndimawafunsa za mvula. Ndikawafunsa kuti abwera liti, amati zimenezo sanena pafoni, ndidzangowaona pakhomo. Kaya akunena zoona kaya akungondisunga, sindidziwa, ndipo ndikuopa kufunsitsa. Ndinaphunzira kuphika nyemba ndi mpunga, zimapserera mwa apo ndi apo, koma zimadyeka. Inu amene muli pafupi ndi moto, mukamakulunga nyama yotsalayo, yanga muike ya anthu awiri. Mwina ndi lero.