Chipilala Chovina cha ku Chilomoni

Nzeru zonsezi zinabadwira pa shabini ina ku Ndirande, Lachinayi masana, paketi yachitatu ya masese itangotsegulidwa. Mwini nzeruzo anali Onesimo, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anagwirapo ganyu milungu iwiri pa kampani yopanga zipilala zokongoletsera nyumba. Ganyu yakeyo inali yosesa panja, koma kumumva akulankhula mukadati kampaniyo anaiyambitsa ndi iyeyo.

"Amwene, zipilala za mabwana masiku ano n'zabodza," anatero Injiniya. "Amasakaniza simenti ndi ulusi wa galasi, faiba. Kunja chimaoneka ngati mwala, m'kati mulibe kanthu ngati ng'oma. Chimabwera mbali ziwiri, n'kuzilumikiza ndi mabawuti. Munthu angathe kuima m'katimo."

"Ndiye tidye chipilala?" anafunsa Alfred Mabuleki, woyendetsa pikapu imene mabuleki ake anali mwala woika kutayala.

"Tsegula mutu, aise! Ku Chilomoni kuli biggie wina wamanga chinyumba. Pakhonde pali zipilala zisanu, akudikira chachisanu ndi chimodzi. Kuseri kwa kampani kuja anataya china chong'aluka pang'ono. Ine ndilowa m'kati, inu mukandisiya ngati a kampani. Loweruka eni ake sakhalapo. Mlonda akapita kukasaka chiwaya, ndituluka, ndilongeza malaputopu ndi mafoni m'chipilalamo. Inu mubwera, 'Pepani, tinalakwitsa saizi,' n'kutinyamula tonse. Mlonda atitsegulira yekha geti!"

Maziko Sipanala, makaniko amene galimoto iliyonse yomwe anaikhudza inafera pomwepo, anaimirira n'kumugwira chanza. "Shasha! Boma linakutaya iwe."

Panali kanthu kamodzi kamene Injiniya sanakatchule. Chaka chatha atatuluka ku ndende ya Chichiri, mkazi wake Ellen anamuuza mosakweza mawu: "Bambo a m'nyumba, mukadzagwiranso cha mwini, mudzandipeza kwathu ku Phalombe." Onesimo ankamukonda mkaziyo, ndipo ankamuopa kuposa apolisi. Loweruka m'mawa anamutsanzika kuti wapeza ganyu yomanga. Ellen, akusita yunifomu ya amayi a mpingo, anasangalala mpaka kumuphikira tiyi wamkaka.

Dzuwa la Okutobala silinyengerera munthu. Pokalowa m'chipilala Injiniya anavula malaya, anatsala ndi kabudula basi.

"Anzako a kukampani amavala maovolosi ndi magolovesi chifukwa chiyani?" anafunsa Mabuleki.

"Matama chabe."

Pageti zinayenda ngati zopaka mafuta. Mlonda anathandiza ngakhale kunyamula, akudabwa kuti ichi chokha chalemera bwanji. Anachiimika pakhonde. Pangano linali lomanga bawuti imodzi mofooka, koma mlonda anali pomwepo akuyang'ana, ndiye Sipanala ulemu wa ntchito unamugwira. Anamanga onse asanu ndi atatu, mpaka kukwera ndi phazi pa sipanala. Kenako pikapu inanyamuka.

Mphindi zisanu zisanathe, Injiniya anaphunzira zimene wosesa panja sangazidziwe. Kunja chipilala n'chosalala, koma m'kati ulusi wa galasi uja umangoti nyankhalala. Thukuta litayamba, msana wonse unayaka ngati wagona pa chitedze. Anakankha kuti atuluke, chipilala chili gwa! Manja anali othinana m'mbali, kukanda kosatheka.

Pamenepo geti linatsegukanso. Eni nyumba sanapite kulikonse ayi. Mayi a panyumbapo anali ataitana amayi a mpingo kudzapempherera nyumba yatsopano. Analowa makumi atatu, n'kuyala zitenje pakhonde pomwepo. Wina anayambitsa kolasi, ndipo Injiniya anatchera khutu. Mawu amenewo ankawamva tsiku lililonse kunyumba, potsuka mbale.

Anapirira vesi yoyamba akuluma mlomo. Pa yachiwiri anati angodzikhula pang'ono phewa. Kalanga ine, faiba ukamadzikhula ndiye imalusa! Anadzikhula msana, anadzikhula matako, ndipo chipilala chopepukacho chinayamba kugwedezeka, uku ndi uku, motsatira m'manja mwa amayi.

"Amayi, taonani! Ngakhale miyala ikutamanda!" anakuwa mayi wina. Nthungululu zinalira. Chipilala chinadumpha kawiri, chinazungulira, kenako chinafuula:

"Mayo ine! Ndikandeni!"

Theka la amayi linathawira kuseri kwa nyumba, masilipasi mbwee. Mlonda anabwera ndi chibonga. Nthawi yomweyo pikapu inatulukira kudzatenga katundu, Mabuleki n'kuponda mabuleki amene kunalibe, ndipo inakaima ndi geti la eni ake. Sipanala anatsika magazi ali chuchuchu pamphuno, komabe anakumbukira mawu ake: "Pepani, tinalakwitsa saizi."

Mlonda anawakhazika pansi onse awiri, amayi atawazinga ndi maambulera.

Ellen sanali m'gulu lothawa. Anayandikira chipilala, n'kuyang'ana pansi pamene zala zakumapazi zinkasuzumira. Chala chachikulu chopanda chikhadabo chija anachidziwa.

"Ganyu yomanga ndi imeneyi, bambo a m'nyumba?"

"Ellen, mayi wanga, ndifotokoza. Auze amasule kaye, ndikufa kuno!"

Mlonda analanda sipanala kwa mwini wake. "Mayi, mukumudziwa? Timasule?"

Ellen anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Zinamuwawa, pakuti tiyi wamkaka uja anamuphika ndi mtima wonse. Anatola Baibulo lake n'kuliika kukhwapa.

"Musafulumire, achimwene, apolisi adzamasula okha. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala naye, lero ndi koyamba kumuona ataima malo amodzi." Kenako anagogoda pa chipilalacho kawiri. "Kiyi mukamupeza kwa aneba. Ndikufuna ndipeze minibasi ya ku Phalombe isanadzaze."

Chipilala chinasiya kuvina.