Dona Rekalikulandu ndi Ulendo wa ku Majaua

Lolemba

Rosa wachira! Mwana wamkazi! Foni yalira ndili pasikelo ndikuyeza nandolo wa kasitomala. Ndavina pakati pa msika, chitenje chatsala pang'ono kugwa. Ine agogo!

Loweruka tikukamuona. Amakhala kuseri kwa Majaua, pasukulu pamene amuna ake amaphunzitsa. Ndinafikako kamodzi kokha, pa shapa, kaminibasi konyamula anthu, ndipo ndinagona njira yonse.

Galimoto si vuto. Kapikapu kanga kali bwino, ndinagula ndekha ndi thukuta la nandolo. Vuto ndi bambo a Rosa. Sadziwa ngakhale pamene pali buleki, koma akakhala pambali panga amayamba kulozera njira tisanatuluke pageti. Malangizo awo:

- "Mukhote pamene panali mtengo wa mango uja." (Unadulidwa Rosa asanabadwe.)
- "Mupitirire nyumba ya malemu Afonso." (Sindinawaonepo, amoyo kapena akufa.)
- "Apa! Apa! Aa, mwapitirira."

Ganizo langa: ndigula jipiyesi, kachipangizo kolankhula kolozera njira kaja. Bambo akhale chete mpaka kukafika.

Lachiwiri

Kusitolo kwa Momade, kuseri kwa msika. Ali ndi mitundu iwiri.

Woyamba ndi wamkulu ngati thireyi. Ukamuika pagalasi, msewu suuonanso. Wachiwiri ndi wamng'ono bwino, koma mawu ake ndi a mwamuna. Ayi! Mwamuna wolozera njira ndili naye kale kunyumba, ndipo safuna batire.

Momade akuti, "Mana, achemwali anga, foni yanuyo imalozeranso njira." Foni iti? Imene imandilandira ku Malawi ndili m'khitchini mwanga ku Milange, mu Mozambique muno? Chinthu chosadziwa dziko limene chagona chingandifikitse kwa mdzukulu?

Sindinagule kanthu. Mnzanga Luisa wogulitsa tomato akuti ku Muloza, tsidya la Malawi, kuli abwino otsika mtengo.

Ndawauza bambo za ganizo langa. Ndimayembekezera mkangano. Iwo angoti, "Chabwino, amayi a Rosa. Loweruka sinditsegula pakamwa." Kenaka amwetulira. Kumwetulira kumeneku sikunandisangalatse.

Lachitatu

Ku Muloza. Ndapeza wokongola, wa mawu a mzimayi, wolankhula Chingerezi. Chingerezi changa ndi cha pamsika, koma kumanja ndi kumanzere ndimamva. Ndamuyesa tsidya lomwelo: akudziwa msewu uliwonse, ngakhale tinjira ta m'minda ya tiyi. Ndagula!

Ndaoloka mlatho wa pamalire ndikuimba nyimbo ya kwaya. Kuyang'ana pa kachipangizo: mbuu! Poyera ngati ufa. Kagalimoto kokha kakuyandama. Milange palibe. Phiri la Tumbine, lalikulu lonse lija, palibe. Mozambique yense palibe!

Ndabwerera. Wogulitsa uja akuti, "Mayi, simunanene kuti mukufunanso dziko lanulo." Walandira katundu wake atalankhula kwambiri. Msilikali wa pamalire, pondiona kachinayi, wandifunsa ngati ndataya chinthu.

Lachinayi

Kwa Momade, mutu uli pansi. Ndamuuza zoona: wamng'ono uja ndimamufuna, koma mawu. Waseka mpaka kugwira kauntala. Wadina pawiri, ndipo mwamuna uja wasanduka mzimayi! Bwanji osandiuza Lachiwiri? Akuti sindinafunse. Amalonda onsewa anaphunzira sukulu imodzi.

Ndagula. Mzimayiyu amalankhula Chipwitikizi cha ku Ulaya, chomeza mawu ngati munthu wotafuna chinangwa chotentha. Koma tikumvana. Ndazungulira naye tauni. Msika akuudziwa. Chipatala akuchidziwa. Tchalitchi chathu akuchidziwa. Ndaphonya dala pokhota kuti ndione mtima wake. Sanakwiye! Sanati "ndinakuuzani"! Wangoti mofatsa, "Rekalikulandu," ndiye kuti akuganizanso njira ina.

Zaka makumi atatu za ukwati sindinamvepo mawu okoma chonchi m'galimoto kapena panjinga. Ndamutcha Dona Rekalikulandu.

Lachisanu

Kulongedza:

- matewera
- zitenje zitatu
- beseni latsopano
- thumba la ufa
- nkhuku ziwiri
- kachipewa koluka, kakukulu kwambiri, adzakulira momwemo

Ndalemba pa jipiyesi dzina la sukulu ya apongozi, amuna a Rosa. Dona sakuidziwa. Ndalemba mwa Chipwitikizi, mwa Chinyanja, ngakhale mwa Chilomwe. Ayi ndithu. Majaua yekha akumudziwa, kadontho kamodzi. Palibe kanthu. Tikafika pa kadonthopo, zina tikaona.

Bambo ayamba kale kukhala chete. Mchere akuloza ndi chibwano. Ndawafunsa chavuta n'chiyani. Akuti, "Ndikuyeserera za mawa."

Loweruka

Tanyamuka tambala atangolira. Ola loyamba, ufumu wakumwamba! Dona akulankhula, ine ndikukhota, bambo manja pachifuwa, nkhuku zokha zikudandaula kumbuyo.

Pamphambano ina Dona wati kumanzere. Bambo atsokomola. Kamodzi. Sindinawayang'ane.

Msewu wachepa. Wasanduka njira ya ngolo. Wasanduka njira ya njinga. Udzu ukukwapula magalasi. Kenaka mtsinje, wopanda mlatho, amayi atatu akuchapa. Dona akuti pitirirani kutsogolo. Kutsogolo kuti, mwana wa mzungu iwe?

Ndabwerera m'mbuyo. "Rekalikulandu." Njira ina, munda wa chinangwa. "Rekalikulandu." Njira ina, manda. Pamandapo Dona walengeza mokondwera kuti tafika kumene timapita!

Bambo akunjenjemera mapewa ndi kuseka, misozi mbwembwembwe, koma pakamwa potseka.

Dzuwa lafika pamutu. Foni ilibe netiweki. Ndaganiza za Rosa akusuzumira panjira, mwana ali m'manja, ndipo mtima wandiwawa. Ndazimitsa injini. "Bambo a Rosa, chonde, lankhulani."

Akonza kolala. Apukuta maso. Ayang'ana kum'mawa, ayang'ana kumadzulo. "Amayi a Rosa, kuno sindinafikeko chibadwire."

Taseka! Taseka mpaka nkhuku zakhala chete.

Watipulumutsa ndi mayi wina wa panjinga, mtolo wa chinangwa kumbuyo. Ndangotchula mphunzitsi amene mkazi wake wachira Lolemba. M'Chilomwe chokhachokha wayankha, "Wamtali uja? Nditsateni." Takwera zitunda, tatsika zigwa, galimoto yathunthu ikukwawa pambuyo pa njinga. Pokwera chitunda iye amatsika n'kumakankha, ife n'kumadikira.

Tafika dzuwa litapendeka. Rosa wathamanga ngati sanachire Lolemba lomweli. Mwana! Tsitsi lambiri, zala zazitali, mphuno ya bambo a Rosa, Mulungu amuchitire chifundo. Ndamunyamula, ndalira. Apongozi akuti amutcha dzina langa. Ndaliranso.

Lamlungu

Misa pansi pa mtengo pafupi ndi sukulu. Wakatekisita wapempherera alendo "amene anayendera kumanda." Mudzi wonse wamva kale. Mayi wa njinga uja ali mu kwaya.

Nkhuku imodzi tadya. Kachipewa kamufika mwana pachibwano.

Pobwerera apongozi atijambulira njira papepala la m'kope. Ndimafuna kumutsekera Dona m'thumba, koma bambo akana. Amuika pamiyendo. Iye akati kumanja, iwo akuti, "Wabodza iwe." Iye akati "Rekalikulandu," iwo akuti, "Ganiza bwino, mwanawe, usafulumire." Pofika pa msewu waukulu akumuphunzitsa mayina a midzi, ndi amene anakwatira kumeneko.

Tsopano m'galimoto mwanga muli olozera njira awiri, ndipo agwirizana kuti wosamva ndine. Ndangoyendetsa, pepala la apongozi lili pantchafu. Bulauzi yanga ikununkhabe mwana. Sindiichapa lero.