Pepala la Rozina

Lolemba
Lero ndayamba. Rozina, mwana wa malemu mnzanga amene tinkathyola naye fodya kwa Angelezi, ali kwathu chikololereni chimanga. Amayi akenso adatisiya. Ndikufuna alembedwe m'buku la boma la kuno kwa Apwitikizi, kuti asisitere amulandire ku shikola, sukulu yawo, komanso wina asadzamubweze kutsidya. Zofunika: jekete ya alamu anga, thadzi lokapatsa akalaliki, ndi kumuphunzitsa moni wa Chipwitikizi, "bon diya." Pofika Lachisanu zonse zatha!

Lachiwiri
Ku posito, ofesi ya boma. Jekete ikundithina m'khwapa. Akalaliki alandira nkhuku ndi manja awiri, kenako akuti, "Mwanayu adabadwa? Tionetseni pepala." Mwana ali chilili pamaso pawo, akutafuna mbatata!

Lachitatu
Panjinga kupita kutsidya kudzera pa malire a Kalomwe, Rozina kumbuyo akuimba njira yonse. Kalaliki wa Angelezi akuti m'mabuku mwake mulibe dzinali, ndikafunse kumene adabatizidwa. Ku mishoni ya kumeneko atipatsa kalata ya ubatizo ndi tiyi wa shuga. Anthu abwino. Ndili mkati, ana a sukulu akusewera ndi Rozina pabwalo. Pobwerera tayala laphulika, tayenda pansi.

Lachinayi
Akalaliki awerenga kalatayo, aitembenuza, awerenganso. "Apa alemba Rose. Inu mukuti Rozina. Nanga winayo mwamusiya kuti?" Ndalongosola mpaka kukhosi kuuma. Akuti nkhani ya ana awiri ndi ya ashefe eni ake, mkulu wa posito, ndibwere mawa.
Mayi a kunyumba aseka mpaka kukhala pansi. Akuti Rose akapezeka ndibwere naye, mphasa ilipo.

Lachisanu
Ashefe atulukira pakhonde, chipewa choyera, ndevu zopotapota. Ndamutsina Rozina kuti apereke moni uja. Wagwada bwinobwino, wakweza mawu: "Gudumoning'i, bwana!"
Ana a Lachitatu aja!
Msilikali wa pakhomo wayang'ana kumwamba. Ashefe afiira, kenako aseka, amupatsa siwiti. Za buku sadatchule.

Loweruka
Posito yotseka. Ashefe apita ku Tete, akuti abwera mvula ikatha, pamene mvulayo sinayambe n'komwe. Nthenga za thadzi langa zili mbwee kuseri kwa nyumba ya akalaliki. Ndabweza jekete, yang'ambika msana. Alamu sakundiyankhula.
Madzulo takumba mbatata, ine ndi Rozina. Zabereka chaka chino, zina ngati mutu wa mwana!

Lamulungu
Misa ku Fonte Boa. Pepala palibe, chidindo palibe, mwana sali m'buku la Apwitikizi kapena la Angelezi. Basi, tidikira mvula ithe.
Potuluka ndawadandaulira asisitere akuluakulu. Iwo awerama, amufunsa mwachifatse, "Nanga iwe ndiwe wa dziko liti?"
Rozina waganiza kaye, chala m'kamwa. Kenako wagwira mwendo wa buluku langa.
"Ndine wa ababa awa."
Asisitere akuti abwere ku shikola mawa, ndi kampando kake.